Zikhomo Zokhotakhota

Panali mtsikana wina amene anamaliza maphunziro a kasamalidwe ka nthaka. Anamutumiza kumudzi wa m'mbali mwa phiri kuti akayesedwe miyezi itatu. Alimi akakamuvomereza, ntchito ya ulangizi idzakhala yake. Akakamukana, adzabwerera kwawo.

Munda woyamba unali wa bambo Kamtedza, mlimi wodziwika ndi mizere yowongoka bwino. Koma chaka ndi chaka mvula inkakokolola dothi lawo, ndipo pakati pa mundawo panayamba chigwembe.

Mtsikanayo anabwera ndi chida chake: mitengo itatu yomangidwa ngati chilembo cha A, pamwamba pake patalendewera chingwe chokhala ndi mwala. Chingwe chikaima pakatikati, ndiye kuti miyendo yonse iwiri yaponda mofanana, ndipo ankakhoma chikhomo. Zikhomozo zinali zosonyeza modutsa akalozera, mizere ikuluikulu yotchinga madzi.

Atafika kumapeto anacheuka. Zikhomo zinali zitakhotakhota munda wonse.

Bambo Kamtedza anaseka mpaka kutsamira khasu. "Alangizi, kusukulu kwanuko ankakuphunzitsani mutamwa? Apatu padutsa njoka! Wongolani, apo ayi ine ndilima zanga."

Alimi ena anali ataima m'malire, akumvetsera. Mtsikanayo anagwira chikhomo chimodzi kuti achizule. Nayenso maso ake ankamuuza kuti mzerewo ndi wolakwika. Komano mwala uja unamizirenji? Kusukulu anakhoza mayeso a zimenezi, koma anali asanaonepo yekha madzi akuyenda pamzere wotere. Anafuna kudziwa.

Anasiya chikhomocho. "Bambo, mundibwerekeko khasu ndi keni yothirira."

Anakumba kangalande kotsata zikhomo zake. Kenako anapempha bambo Kamtedza kuti akumbe kawo kowongoka, monga amachitira. Mtsikanayo anatunga madzi pamtsinje, nathira m'kangalande ka bamboyo. Madzi anathamangira mbali imodzi, atanyamula dothi, nakagwera m'chigwembe. Kenako anathira m'kake. Madzi anayala ponseponse, anaima, kenako analowa pansi pang'onopang'ono.

Bambo Kamtedza ananjuta, napisa chala m'dothi lonyowalo.

"Thiraninso," anatero, kenako anakodola mmodzi wa alimi aja. "Inu a Nasoko, bwerani mudzaone kuno."

Inu amene mukuphunzira ntchito yosamalira nthaka ndi nkhalango, mudzakumana ndi anthu amene analima malo awo musanabadwe. Adzakusekani, ndipo tsiku lina maso anu omwe adzakhala mbali yawo. Pamenepo musafulumire kuzula chikhomo, komanso musatulutse satifiketi. Nanunso mwina simunaone ndi maso zimene munalemba pamayeso. Funsani limodzi nawo kuti, "Kodi madzi apita kuti?" Ndipo mukatunge.