Fulu wa a Gwaza

Kwathu, kuseri kwa mapiri a Dedza, akuluakulu ankati mwambi uliwonse uli ndi khomo limene unabadwira. Uwu ankati unabadwira pakhomo pa a Gwaza, mkamwini woluka madengu, kale madimba akadali ndi bango lambiri.

Mkazi wawo atamwalira, akuchikazi anawasudzula monga mwa mwambo kuti abwerere kwawo. Koma a Gwaza sanasamuke. Anali ndi fulu amene malemuwo ankamuweta m'kakhola kabango kuseri kwa nyumba. M'mawa ankamupatsa chisoso ndi bowa, n'kukhala pambali kumacheza naye. Kubwalo anasiya kupita, ndipo anayamba kuonda.

Mlongo wawo, a Nangozo, anabwera kudzawatenga.

"Achimwene, tiyeni kwathu. Kuno mwatsala ndi yani?"

"Nanga fuluyu? Ukamusamutsa amasiya kudya. Ndikamusiya yekha afa ndi chisoni."

"Ndiye mwakwatira fulu?" anaseka a Nangozo. "Chabwino, ndimupezera mnzake kuti inu mumasuke."

Anapitadi kuthengo, nabwera ndi fulu wina wamkulu, n'kumuika m'khola muja. Anthu a m'mudzi anagawikana. Ena ankati chopuma chilichonse chimafuna chinzake, ngakhale njiwa zimayenda ziwiriziwiri. Ena ankati fulu amatuluka m'dzira mayi ake atapita kale, ndiye kukhala yekha ndi chibadwa chake. Onsewa ankanena zimene maso awo anaonapo.

Fulu wa a Gwaza analowetsa mutu m'chigoba. Bowa anauma osakhudzidwa. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, a Gwaza anamva kugogoda kuseri kwa nyumba. Atathamangirako anapeza fulu wachilendo uja wamugunda fulu wawo mpaka kumugwetsa chagada, timiyendo tikungopalasa m'mwamba, thovu lili kukamwa. Anamutembenuza, namuthira madzi. Mlendoyo anakamusiya kuthengo. Sipanatenge nthawi, fulu wawo anatulutsa mutu n'kuyamba kudya.

"Mwaona, achemwali? Safuna mnzake ameneyu. Ali yekha sanagwepo chagada."

"Ndaona, ndipo ndinalakwa," anatero a Nangozo. "Koma iye atagwa, inu munalipo. Nanga inu mukadzagwa m'nyumbamu, fuluyu adzakudzutsani?"

Pamenepo a Gwaza anazula bango la khola lija. Fulu anatuluka pang'onopang'ono, nalowa m'udzu osacheuka.

"Osatsanzika n'komwe," anadandaula a Gwaza, akupukuta m'maso.

"Ndi kanyama, achimwene. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mangani katundu."

Mawu amenewo ndiwo anatsala, mpaka anasanduka mwambi. Ambiri amaumasulira kuti munthu woyenda yekha amagwidwa msanga ngati nyama yosakidwa, ndipo sakulakwa. Koma kwathu ankawonjezera kuti kukhala wekha si tsoka kwa cholengedwa chilichonse. Fulu kumamukwanira, ndipo kumukakamiza mnzake n'kumuzunza. Munthu ndiye sanabadwe ndi chigoba. Angathe kufuna kakanthawi kokhala payekha, makamaka pa chisoni, ndipo nthawiyo tizimupatsa. Koma ikatalika, tizipita kukamugogodera, ngakhale atatiuza kuti ali bwino.

Akuti a Gwaza anakhala zaka zambiri kwa mlongo wawo, akuluka madengu pabwalo, ndipo pokamba nkhani panalibe wowaposa.