Gwaza Atsekera Apongozi Mpopi wa Magetsi

Kalekale, m'kati mwa foni ina munali mudzi. Musaseke, mudzi weniweni. Chitsime chake chinali batire, ndipo magetsi ankayenda m'mipopi kupita khomo ndi khomo.

M'mudzimo munali mkamwini, dzina lake Gwaza. Akuchikazi ankati ndi mlesi wongotha ufa. Tsiku lina anamuitana.

"Foni ikangoyaka uzizungulira mudzi. Mpopi wopanda mwini uzitseka, chitsime chingaphwe. Ukalephera, upinde mkeka wako uzipita kwanu."

Gwaza anachita mantha, pakuti mkazi wake Nachanza ankamukonda kwabasi.

Foni itayaka, iye liwiro.

"Mpopi uwu ngwa yani?"

"Ngwanga!" anatero Kamera.

"Mpopi uwu ngwa yani?"

"Ngwanga!" anatero Wailesi, wolongolola uja.

"Mpopi uwu ngwa yani?"

Zii.

Komatu mpopiwo unali wa apongozi ake aakazi, osunga nkhokwe ya zokumbukira za mudzi wonse. Paja mpongozi sayankhulana ndi mkamwini maso ndi maso. Atangomuona akubwera, mayiwo anathawira kuseri kwa nkhokwe, chitenje kumutu.

Gwaza anatseka. Mudzi wonse mdima bii! Foni inazima.

Mwini foni, kunja kuno, anaiyatsanso. Koma poti nkhokwe ija inazimira limodzi, aliyense anali ataiwala zachitikazo. Gwaza anadzuka ndi changu chomwe chija.

"Ngwa yani?" "Ngwanga!" "Ngwa yani?" "Ngwanga!" "Ngwa yani?" Zii. Kutseka. Mdima bii!

Kuyatsa, kuzima. Kuyatsa, kuzima. Kasanu konse, Gwaza thukuta kamukamu, akudzitama kuti lero aona kuti mkamwini ndani.

Mwini foni anatopa. "Ukazimanso ndikutaya kudzala," anatero, n'kuimenya pabondo.

Kugwedezekako kunagubuduza Nachanza pamkeka. Anadzuka msanga n'kulondola mwamuna wake. Anampeza dzanja lili kale pampopi.

"Bambo inu, chotsani dzanjalo! Mapazi ali kuseriwo simukuwaona?"

"Ndafunsatu ine, palibe wayankha."

"Amayi akuyankheni inuyo? Munazionapo kuti?"

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola. Apongozi anayankhula atayang'ana khoma.

"Nachanza, uwauze a kunyumba kwakowo kuti kufunsa amadziwa. Koma kudikira ndiye anasiya kwawo."

Gwaza anachita manyazi osaneneka. Anagwada n'kuyamba kupepesa nkhokwe, poti eni ake sakanawayang'ana. Mumtima anali atapinda kale mkeka.

Koma Nachanza anang'amba kansalu kofiira n'kumanga pampopipo.

"Wa kansalu osaukhudza, ayankhe asayankhe. Mipopi inayo mukafunsa muziwerenga mpaka makumi atatu. Ena amachedwa kudzuka, ena amakuopani."

Gwaza anamvera. Tsiku limenelo anatseka mipopi iwiri yokha, yopandadi mwini. Chitsime sichinaphwe, foni sinazimenso, ndipo mkeka wake unakhala poyala.

Madzulo apongozi anamutumizira dzungu lophika. Analisiya pachitsa, iwo n'kuthawa.

Mwamva inu, okonda kutseka za eni? Pamene pali zii si kuti palibe munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ikakuzimirani foni yanu m'mawa ikungoyaka kumene, musaitukwane. Mwina kansalu kaja kamasuka, ndipo Gwaza wakumananso ndi apongozi.

Yanga nthano yathera pampopi pomwepo.