Ndalama imene Abiti Ndaila anaikwecha

Swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itangotha, Che Kaisi anafika pakhonde pa Shehe Msusa ku Namwera, maso ali psuu. Anawapeza akusoka mkeka wamumzikiti.

"Asalamu alaikumu, Shehe. Ndabwera kuti mundiikire umboni. Abiti Ndaila ndikuwasiya lero."

"Wa alaikumu salamu. Takhalani pansi kaye. Akulakwirani chiyani akazi anu?"

Che Kaisi anatulutsa chindalama chasiliva, chimene agogo awo anabwera nacho kuchokera kunkhondo ya Jeremani. Amati anachisula ku Mangalande siliva akadali siliva, azungu asanayambe kumusakaniza ndi zitsulo zachabechabe. Ukachigogoda chinkalira ngii, mpaka nkhunda za ku Mozambiki kutembenuka. Chinali bii ndi ukalamba, pankhope pake mfumukazi yovala mpango. Mmwenye wina wa ku Limbe, wotolera ndalama zamakedzana, anali atanena kuti mtengo wake ukhoza kufikitsa munthu ku Makka kukachita Haji. Kuyambira pamenepo Che Kaisi ankangolota ali m'nsalu zoyera, akuyenda pamchenga wofewa ngati ufa, mfumukazi ija ikuwatsogolera ndi ambulera.

"Ndiye mayi aja," anatero Che Kaisi, "pomva kuti chikupita kwa ogula, anati chisapite chakuda, tingachite manyazi. Phulusa, mandimu, mchenga wakudambo! Akwecha mpaka mfumukazi yatha mphuno. Mmwenye wangochiyang'ana kamodzi n'kundibwezera. Akuti kuda kujako ndiye kunali mtengo wake. Haji yanga yapita ndi phulusa, Shehe!"

Shehe anachilandira, nachitembenuza padzuwa. Chinawala mpaka tambala wapabwalo analira, kuyesa kwacha.

"Ine zasiliva sindizidziwa, Che Kaisi. Koma ndifunseko. Zala za Abiti Ndaila mwaziona?"

Che Kaisi anali ataziona m'mawa pomwe ankalandira madzi osamba: zotupa, zosupuka, mandimu atalowa m'ming'alu.

"Ndaziona."

"Anakwecha kuti achite manyazi ndani?"

"Kuti ndisachite manyazi ine."

Shehe anawabwezera ndalama ija ndi manja awiri, natolanso singano yawo.

"Haji Allah anailamula kwa amene angathe. Mukapanda kufika ku Makka, sadzakufunsani. Koma za mkazi amene anakupatsani adzakufunsani ndithu. Nkhope ya mkazi wa eni pandalamapa yafufutika, pepani. Pitani kunyumba, nkhope ya akazi anu isanafufutike nayonso, ndipo podutsa pagolosale muwagulire mafuta odzola m'manja."