Bwalo la Miyala la a Kamphinda

Loweruka lachiwiri la mwezi wa Disembala m'chaka cha 1996, a Lufeyo Kamphinda a ku Dedza anagumula okha mpanda wa nyumba yawo, alendo amene anabwera pachinkhoswe cha mwana wawo akuonerera. Sanaledzere, ndipo panalibe amene anawaputa. Nkhaniyi yakambidwa kambirimbiri, ndipo aliyense woikamba amathirako mchere wake. Pano tiikamba mmene ilili.

A Kamphinda anagwira ntchito moyo wawo wonse pa hotela ina yaikulu ku Blantyre. Anayamba ndi kutsuka mbale, nakwera pang'onopang'ono mpaka anakhala mkulu wa operekera zakudya. Kuseri kwa hotelayo kunali bwalo loyalidwa miyala, lozunguliridwa ndi kapinga ndi maluwa, pamene alendo olemera ankakhala n'kumamwa tiyi. A Kamphinda anadutsa pabwalopo zaka zambirimbiri, thileyi ili m'manja, kansalu koyera kali pamkono, koma sanakhalepo pansi ngakhale kamodzi. Choncho mumtima mwawo munamera chinthu chimodzi. Akadzapuma ntchito adzamanga bwalo lawolawo, adzakhala pampando atasanjikiza miyendo, ndipo tiyi azidzachita kuwapeza pomwepo.

Anapuma ntchito chaka cha chilala chachikulu chija cha 1992, nagula malo m'munsi mwa phiri. Malowo anali otsetsereka, ndipo pakati pake panadutsa khwawa lochokera kuphiri, lokhotakhota, lozama kufika m'chiuno. Linali louma gwa. Wogulitsa malo anatsikiramo, naponda ndi chidendene, fumbi n'kuti kobo.

"Limeneli linafa kalekale," anatero. "Ana anga sanaonemo madzi chibadwire."

Sananame kwenikweni. Mwana wake wamkulu anali asanayambe n'kuyenda komwe.

Nyumba anaimanga m'mbali mwa khwawalo. Zaka zotsatira mvula inkagwa mwamanyazi, ndipo khwawa linangokhala chete. Mkazi wawo, a Nachisale, analipezera ntchito: ankadzalamo mpiru ndi maungu, zimene zinkabiriwira ngakhale kwina konse kutauma.

Kenaka mwana wawo Felesiya anapeza mnyamata womufuna ukwati, dzina lake Yotamu, wogwira ntchito ku Lilongwe. A Kamphinda atamva kuti nkhoswe ya mnyamatayo ndi amalume ake, a Msampha, mwini magalimoto onyamula katundu, anafunsanso dzinalo kachiwiri.

"Chinkhoswe tidzachitira muholo ya tchalitchi, monga achitira anzathu," anatero a Nachisale madzulo ake.

"Muholo mumanunkha mileme. Chidzachitikira pano, pabwalo langa."

"Bwalo lake liti, bambo a Felesiya?"

A Kamphinda analoza khwawa.

"Pamenepo ndi pampiru wanga."

"Mpiru ndizikugulirani kumsika. Munthu amene akubwerayu ine ndikumudziwa. Ndamuperekera tiyi kosawerengeka. Amamwa wopanda shuga, ndipo asanakhale pampando amayamba wayang'ana pamene waponda. Ndikufuna adzayang'ane pansi, adziwe kuti mphwake akukwatira kwa anthu."

"Nanga iye akukudziwani?"

"Anthu otere sayang'ana nkhope ya wonyamula thileyi. Ndipo asadzamvere kwa inu. Akafunsa, ndinali mu ofesi."

"Ofesi ya masupuni," anatero a Nachisale, napita kukazula mpiru wawo.

Ntchito inayamba dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mmisiri amene anamupeza anali munthu wosadziwa kukana. A Kamphinda akati apa pakhale motere, iye ankati, "Ndimaganizanso zomwezo, bwana." M'khwawa anathiramo zidutswa za njerwa, zitini zakale ndi dothi, anyamata n'kumasinja ndi zipika mpaka panafanana ndi kwina konse. Pamwamba anamwaza mchenga, nayala miyala yaphanthiphanthi yothyola kuphiri, n'kumata simenti m'mipata mwake. M'mbali anakwirira matayala odula pakati, opaka laimu, nadzalamo maluwa. Kapinga anakamupempha kwa abusa, ndipo a Kamphinda ankamuthirira okha ndi ndowa m'mawa uliwonse, osalola munthu kupondapo, ngakhale nkhuku. Pakati pa bwalo anakumba kadziwe kakang'ono, naimikamo kakowa wa simenti amene, kunena zoona, ankafanana kwambiri ndi bakha wodwala khosi.

Pomaliza anamanga mpanda. Kumtunda, mbali ya kuphiri kumene kunali msewu, anaika geti ya zitsulo zotalikirana, kuti odutsa azitha kusuzumira ndi kusirira. Kumunsi kunali khola la nkhumba la mnansi wawo, ndiye kumeneko anamanga khoma lotseka, lopanda ngakhale kabowo koti n'kudutsa mbewa. Simenti inali itachepa, choncho njerwa anazimangira dothi, simenti n'kungopaka kunja.

Mlongo wawo wa a Nachisale, a Chisale, amene anali nkhoswe ya Felesiya, anabwera kudzaona. Anayenda pabwalopo manja ali kumbuyo.

"Alamu, khwawa lija mwaliika kuti?"

"Mwaliponda."

"Maliro ake munalira?"

"Inu a Chisale mumadziwa chiyani za mabwalo? Kwanu alendo mumawakhazika pamtondo."

"Pamtondo sipanagwetsepo munthu. Nanga bakhayu akudikira chiyani?"

"Ndi kakowa. Akudikira madzi. Tidzathira tsiku lake lomwelo, kuti asaume."

Tsikulo linacha bwino. Kumwamba kwa phiri kunali mtambo wakuda bii, ndipo nthawi ndi nthawi kunkamveka kugunda, koma pansi pano dzuwa linali ngwee. A Kamphinda, atavala suti yawo yotuwa, anayang'ana mtambowo ndi kugwedeza mutu mokhutira.

"Mvula yaulemu," anauza mkazi wawo. "Yadziwa kuti kuno kuli alendo, ndiye yasankha kugwera kuphiri."

A Msampha anafika ndi anthu awo masana. Anali munthu wonenepa, woyankhula pang'onopang'ono. Asanakhale pampando anayang'ana pansi, monga a Kamphinda ananenera, nayendetsa nsonga ya nsapato pamwala.

"Pabwino pano," anatero. "Pakundikumbutsa malo ena ake."

A Kamphinda anasanjikiza miyendo n'kuyang'ana kumbali. "N'kantchito kamanja chabe," anayankha.

Mwambo unayamba. Pathebulo panali zipangizo zimene ankhoswe amapereka kwa akwati: khasu ndi nkhwangwa za mwamuna, lichero ndi mthiko za mkazi, zonse zokulungidwa maliboni. Pansi pa thebulo panali tambala ndi msoti zomanga miyendo, zoti ankhoswe asinthane. Kenaka inafika nthawi imene anthu amaikonda, yotulutsa atsikana ofunditsidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna aloze amene ali mkazi wawo. Woyamba anamuvundukula, anali mphwake wa Felesiya, anthu n'kuseka. Wachiwiri anali mayi wachikulire wa kwaya, amene anakana kubwerera ponena kuti mnyamatayo wamukonda. Wachitatu anatuluka, amayi akuimba pambuyo pake, naima pakati pa bwalo. Yotamu atangodzuka kuti akavundukule, mawu anamveka pansi pa chitenje.

"Amayi, mapazi anga akunyowa."

Onse anayang'ana pansi. Pageti pankalowa timadzi tofiira, tochepa ngati tochokera m'bafa, titasenza masamba a paini ndi patapata mmodzi. Timadzito sitinawongoke. Tinakhotera kumanzere, n'kubwerera kumanja, n'kudutsa pansi pa thebulo, ngati munthu woyenda m'nyumba imene anakuliramo.

"Madzi a bakha afika, alamu," anatero a Chisale.

Palibe anaseka, chifukwa kumtunda kunkamveka mkokomo. Mvula yaulemu ija inali itagwa kuphiri kuyambira m'mawa, ndipo tsopano yonse inali kutsika. Posakhalitsa madzi anafika mu akakolo. Atafika pakhoma lakumunsi anasowa potulukira, nabwerera, nayamba kukwera. Mipando yapulasitiki inayamba kuyenda yokha. Amayi anakwinya zitenje n'kuthamangira pakhonde la nyumba, Felesiya akukokedwa dzanja akadali wofunda. Wina anakumbukira nkhuku, nazinyamula m'mwamba ngati makanda. A Msampha anavula nsapato, nazigwira m'manja, n'kuyenda mwaulemu wawo wonse kutsata anzawo.

A Kamphinda okha anatsala pampando. Anali atasanjikizabe miyendo, wam'munsiwo uli m'madzi.

"Aphwa pompano," anatero, osayang'ana munthu.

Madzi anameza masitepe a khonde limodzi ndi limodzi. M'nyumbamo munali chimanga cha chaka chonse, matumba ali pansi.

"Bambo a Felesiya," anaitana a Nachisale ndi mawu awo a masiku onse, "madzi akugogoda pachitseko. Muwatsegulira kuti, m'nyumba kapena kumpanda?"

A Kamphinda anayang'ana khoma lawo loyera, anayang'ana kapinga amene tsopano sankaoneka, anayang'ananso a Msampha. Ndiye anadzuka. Anavula jekete, nalipinda bwinobwino, nalipereka kwa a Chisale. Anatenga khasu la mphatso pathebulo, maliboni ali lendelende, nalowa m'madzi mpaka pakhoma. Anamenya ndi kumbuyo kwa khasu. Simenti yakunja inasweka ngati chikamba cha mphika. Anamenyanso. Yotamu anawapeza ndi nkhwangwa, ndipo awiriwo, mpongozi ndi mkamwini amene mwambo umati azipatsana njira, anagumula khomalo phewa ndi phewa. Dothi lomangira linali litafewa kale. Njerwa zochepa zitachoka, zotsalazo madzi anamaliza okha.

Apa ndi pamene okamba nkhani amanyanyira. Ena amati madzi anakokolola galimoto ya a Msampha mpaka kumtsinje wa Linthipe. Ena amati kakowa wa simenti anauluka. Zonsezo n'zabodza. Galimoto inali kumsewu, ndipo kakowa anangogwa chafufumimba. Zimene zinapita ndi mipando ingapo, lichero, ndi dothi lonse limene anathira m'khwawa. Dothilo litachoka, miyala ya pabwalo inatitimira mumzere wokhotakhota, kuchokera pageti mpaka pakhoma logumuka, osaphonya khota ngakhale limodzi la kale lija. Nkhumba za mnansi zinasamba kwaulere. Munthu wovulala panalibe.

Madzi atatsika, alendo anali othithikana pakhonde, onyowa, akunjenjemera ndi kamphepo ka ku Dedza. Kukhitchini tiyi anali atawira, koma atsikana operekera anali kalikiliki kusaka nsapato zawo m'matope. A Kamphinda analowa m'nyumba kuti akabisale pang'ono. Anaona makapu ali mbwee pathebulo, thileyi ili pambali. Iwo eni ake pambuyo pake ankati sakumbukira kuti anaganiza chilichonse. Manja anangochita zimene ankadziwa. Anatuluka opanda nsapato, buluku lopinda m'maondo, kansalu koyera kali pamkono, thileyi yodzaza ili pa zala za dzanja limodzi. Anadutsa pakati pa khamulo, kupinda apa, kutembenuka apo, osadontheza ngakhale dontho. Atafika kwa a Msampha anawerama pang'ono, nawathirira tiyi, shuga n'kumudumphitsa.

"Mwadziwa bwanji kuti sindimwa shuga?" anafunsa a Msampha. Anayang'ana kansalu, anayang'ana dzanja, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana nkhope. "Inu si a Lufeyo inu?"

A Kamphinda anafuna kunena za ofesi, koma thileyi inali m'manja.

"Ndine, bwana."

"Bwana ndani pano? Ndife asewele tsopano. Mukudziwa kuti chichokereni inu pamalo paja tiyi amabwera wozizira? Ndinasiya n'kupitako komwe." Anatembenukira kwa mphwawo. "Yotamu, wamva? Ukukwatira mwana wa munthu wodziwa ntchito. Ndipo khasu lako taliona, n'lolimba."

A Msampha anadzuka pampando umodzi wokha wouma umene unalipo, nalanda thileyi, nawakhazika a Kamphinda pamenepo. Kenaka anawathirira tiyi okha, theka n'kutayikira m'mbale.

A Chisale anayang'ana mzere wa miyala yotitimira, nayang'ananso mlamu wawo, kansalu kakadali pamkono.

"Madzi saiwala khwawa, alamu," anatero. "Imwani asanazizire."

Chinkhoswe chinathera pakhondepo, aliyense wopanda nsapato, ndipo ankhoswe anasinthana nkhuku zonyowa.

Akuluakulu amati mwambi wakuti madzi saiwala khwawa ndi wakale kuposa a Kamphinda, ndipo mwina akunena zoona. Komabe m'dera limenelo ana amauzidwa kuti unayambira pakhonde lija. Tanthauzo lake n'lakuti chimene chinazolowera njira yake chimabwerera momwemo, ngakhale papite zaka. Mutha kukwirira khwawa ndi kuyalapo miyala, koma mvula ikadzagwa madzi adzalifunafuna mpaka kulipeza. Munthunso ali chimodzimodzi. Khalidwe limene anakula nalo, ntchito imene manja ake anaphunzira, ndi kwawo kumene anachokera, zimatulukira tsiku limene zinthu zavuta. Kawirikawiri mwambiwu timaunena podandaula za wina amene wabwerera ku chizolowezi choipa chimene ankati wasiya. Koma umanenanso za zabwino zimene munthu amazibisa chifukwa cha manyazi opanda pake. Choncho amene akumanga, kaya ndi bwalo kaya ndi mbiri yake, ayambe wafunsa kuti kale pamalopo pankadutsa chiyani, ndipo achisiyire njira.

A Kamphinda sanamangenso khoma lakumunsi. Khwawa analikumbanso, naliyala miyala yomwe ija m'mbali mwake. Bwalo lilipo mpaka lero, logawika pawiri, ndipo popita mbali inayo anthu amawoloka pa kamlatho ka matabwa.