Fizi ya M'nsungwi

Ku Milonde, kuseri kwa msika, kunali nyumba ya udzu imene inkadontha pakona ya kuchipinda. Munkakhala Elsa, wothyola tiyi ku esiteti, mwamuna wake Bizwick, woumba njerwa, ndi mwana wawo mmodzi yekha, Diana, wa Sitandade 8.

Elsa sanali mayi wosakaza. Chitenje chatsopano ankachiona ngati tchimo. Koma anali ndi khalidwe lina limene anayamwira m'bere. Mayi ake, malemu Esperanca, anawoloka mtsinje wa Muloza pothawa nkhondo ya ku Mozambique ndalama atazisokerera mumpendero wa chitenje, pamene anzawo amene anauzako abale za ndalama zawo anaberedwa n'kufika kuno chimanjamanja. Mpaka tsiku lomwalira, mawu awo anali amodzimodzi: "Ndalama ili ndi makutu, mwanawe. Ukaitchula, imadzuka n'kumapita. Ngakhale wogona naye mphasa imodzi usamuuze."

Ndiye fotinaiti iliyonse akalandira, Elsa ankadikira kuti pakhomo pakhale zii. Ankapinda ndalama ngati ndudu, kukwera pamtondo, kuzilowetsa m'mphako ya nsungwi ina ya kudenga, n'kutsekapo ndi chitsononkho. Zaka zitatu akuchita zimenezi. Inali fizi ya Diana ya kusekondale.

Ku esiteti kunali Mayi Lines, mayi wachikulire amene anamuphunzitsa kuthyola tiyi, masamba awiri ndi kansonga. Maso awo sankaphonya kanthu.

"Iwe Elsa, fotinaiti yako imalowera kuti? Sudya, suvala, ukungouma ngati phesi."

"Imathera mchere, mayi."

"Mchere umenewo ukuthirira mudzi wonse? Bwera ku banki m'khonde Lachinayi. Ngati gulu ukuliopa, ika mufoni. Ngati foni ukuiopanso, uza mwamuna wako. Bizwick si munthu wa kachasu."

"Ndamva, mayi."

Anavomera ndi pakamwa pokha, mtima uli kunsungwi.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, Diana anasankhidwa kupita kusekondale ya atsikana yogonera komweko. Pakhomo panamveka nthungululu, koma Bizwick chimwemwe chake chinali cha tsiku limodzi. Anayamba kusiya chakudya m'mbale.

"Mayi a Diana, fiziyi tiitenga kuti? Matiresi, yunifomu, sutikesi?"

Elsa anatsala pang'ono kuulula. Anayang'ana kudenga, n'kuyang'ananso pansi. Anaganiza zodzatulutsa ndalama zija Loweruka, tsiku lokagula katundu ku Chitakale, kuti ndalamazo zisagone pansi ngakhale tsiku limodzi zikudziwika ndi anthu awiri.

"Mulungu adziwa, bambo a Diana," anatero.

Bizwick anaona kuti sangakhale manja lende kudikira. Anali ndi uvuni wa njerwa zosawotcha, koma nkhuni zinali zochepa, ndipo zogula analibe nazo mphamvu. Lachisanu m'mawa, mkazi wake atapita kuntchito, anayang'ana denga lija. Linali lofunika kulisintha mvula isanabwere. Anakwera, nasasula udzu, nagwetsa nsungwi zonse, n'kuzituta kupita nazo ku uvuni.

Madzulo Elsa akutsika njira ya kumsika, dengu lili kumsana, anaona nyumba yake ili yasa, yopanda mutu. Chakumunsi utsi unali tolotolo.

"Nsungwi zija zili kuti?"

Bizwick anaseka, nkhope ili bii ndi mwaye. "Zapita kukalipira fizi! Zinali zofumbwa kale, musadandaule. Njerwazi zikapsa, mwana akwera basi, ndipo denga ndikumangirani latsopano."

Elsa anaponya dengu n'kuthamangira ku uvuni. Makomo onse a uvuniwo anali psuu. Anagwira mtengo wosonkhezera n'kuyamba kufukula makala ngati wamisala, mpaka mwamuna wake anamukoka, mpendero wa chitenje utayamba kunyeka. Anakhala pansi pafumbi, ndipo mawu amene anawasunga zaka zitatu anatuluka onse, nthawi itatha.

Bizwick sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pa njerwa yosweka, akuyang'ana moto umene anausonkheza ndi manja ake.

"Zaka zitatu ndikugona pansi pa fizi ya mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Mumandiona ndikusiya chakudya, inu muli chete. Ndinakuberanipo chiyani, mayi a Diana?"

Bizwick sanamuberepo Elsa kanthu. Amene ankaba anatsala kutsidya la Muloza zaka makumi angapo zapitazo, koma mantha oopa akubawo ndi amene mayi ake anawoloka nawo.

Moto wa nsungwi ndi wa kanthawi. Njerwa zambiri zinatuluka zosapsa bwino, ndipo zimene zinagulidwa zinangokwanira udzu wofolerera. Tsiku lotsegulira sukulu linafika n'kudutsa. Diana anakapeza malo pasekondale yoyendera, ulendo wa maola awiri wapansi, ndipo kalata yomusankha kusukulu yogonera anaiika m'Baibulo osainenanso. Mayi Lines anabwera kudzapepesa ngati pamaliro. Sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Lachinayi ndidzakudutsira." Ndipo Elsa anapita nawo ku banki m'khonde.

Patatha miyezi iwiri, Loweruka lina, Diana anabwera kuchokera kumsika kumene ankagulitsa zitumbuwa. Elsa, akuanika zovala, anamuona akuzembera kuseri kwa khola la nkhuku. Mtsikanayo anacheuka uku ndi uku, napinda kanthu ngati ndudu, n'kukalowetsa m'nsungwi ya kholalo. Kenako anatola chitsononkho.

"Diana, ukutani kumeneko?"

"Palibe, amayi. Ndimaona ngati nkhuku yaikira."

Nkhope inali yosalala, mawu osagwedera, monga mmene mayi ake ankayankhira Mayi Lines za mchere. Elsa sanamuuzepo mwanayo mawu a anganga ake, malemu Esperanca, ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zonse zija ankakwera pamtondo poganiza kuti ali yekha, panali timaso tikuona pa mng'alu wa chitseko.

Ife olera ana timasamala zimene tikunena, n'kuiwala kuti iwo akuphunzira zimene tikuchita. Akuluakulu sananame: make mbuu, mwana mbuu.