Batire la Eni M'galimoto ya Kalisto

Chaka chimene landilodi, mwini nyumba imene ankachita lendi ku Dublin 8, anaigulitsa, Kalisto ndi mkazi wake Ursula anasakasaka pokhala mpaka nsapato kutha. Anakatera ku Skerries, kunyanja uko, kumene lendi inali yopumirako pang'ono. Ursula, namwino, ankakwera sitima popita kuchipatala. Koma ntchito ya Kalisto inali ya khomo ndi khomo: kusambitsa okalamba, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala, nyumba zisanu ndi imodzi pa tsiku, zina kumafamu kosafika basi. Abwana ake ananena mosapsatira kuti munthu wopanda galimoto ndi pepala la inshuwalansi alibe ntchito.

Mwayi unamugwera. Anapeza galimoto yamagetsi yoyendapo kale, yoyera mbee, pamtengo wozizira. Wogulitsa sanabise chifukwa chake: galimoto ndi yako, koma batire lili kunsi kwakelo ndi la kampani ina, ndipo umalilipirira lendi mwezi ndi mwezi. Kalisto anasaina mosangalala. Tsono mkulu ameneyu anali ndi kachilema kamodzi, pakamwa pake pankathamanga kuposa miyendo. Galimoto isanatuluke n'komwe pamalo ogulitsira, chithunzi chinali chitafika kale pagulu la foni la Amalawi opemphera ku Lucan, pansi pake atalemba kuti, "Yamagetsi, ya cash, yonse ndi yanga." Mauthenga oyamikira anagwa ngati matalala.

Lolemba anapita kukadula inshuwalansi kwa Julia, mtsikana wa m'kwaya amene ankagwira ntchito pa ofesi ina yopezera anthu inshuwalansi. Amalawi ambiri ankapita kwa iyeyu chifukwa ankamasulira mafomu m'Chichewa. Mafunso anayenda bwino mpaka lomaliza.

"Ankolo, batire ndi lanu kapena ndi la lendi?" anafunsa Julia, maso ali pakompyuta.

Kalisto anamva kutentha m'makutu. Julia akadziwa, ndiye kuti kwaya yadziwa, ndipo kwaya ikadziwa, pofika madzulo nkhani ili kwawo ku Dedza. Munthu wa cash uja, kani theka la galimoto ndi lobwereka!

"Ndi langa, chemwali," anayankha akudziseketsa. "Wogula mbuzi amagula ndi matumbo omwe."

Julia anaseka, n'kulemba momwemo.

Kunyumba Ursula anayala mapepala onse awiri patebulo, la lendi ya batire ndi la inshuwalansi, n'kuwerenga mwakachetechete monga amawerengera za odwala.

"Bambo a Miriam, apa mwanena chiyani? Ili likuti batire ndi la eni, ili likuti ndi lanu. Mawa muimbe, mungoti munalakwitsa."

"Ndiimbire Julia? Kuti Lamlungu anthu azikodolana ndikamalowa m'tchalitchi?"

"Nanga anthu okodolanawo adzakupatsani ntchito? Kuno si kwathu, bambo. Azungu pepala amalikhulupirira kuposa nkhope ya munthu."

"Iwe usandilodze. Batire lili kunsi, ndani adzagone pansi kukaliyang'ana?"

Ursula anapinda mapepala, koma mawu ake sanamuchoke Kalisto m'mutu. Lamlungu Misa itatha, Bambo Gerard anadalitsa galimotoyo, amayi akululutira. Wansembe atawaza madzi padenga ndi pazitseko, Kalisto anawanong'oneza, "Abambo, kunsinso muwazeko." Anthu anaseka poyesa nthabwala, osadziwa kuti mwini wake sankaseka ayi.

Kuyambira pamenepo mtendere unamuthawa. Ankayendetsa ngati wanyamula mazira m'thumba la malaya. Tayala likagunda kadzenje, mtima phaa! Kalata ikagwa pakhomo, ankaitembenuza kaye kangapo asanaitsegule. Kawiri konse anaimika galimoto pambali pa msewu n'kuimba nambala ya ofesi ija, koma atangomva mawu a Julia akuti "Hello," anadula. Mawa, ankadziuza choncho, mawa ndikonza. Mawa ameneyo anadya miyezi inayi.

Tsiku lina m'mawa mu November, mvula ikuwaza, ankapita kwa a Cuthbert, mlimi wokalamba amene sankalola munthu wina kumumeta ndevu koma Kalisto yekha. Pakona ya kamsewu kopapatiza panatulukira thirakitala. Kalisto anakhotetsera kumanzere, galimoto n'kukwera mwala wa m'mbali mwa msewu. Khwaaa, kunsi! Iye sanavulale ngakhale chala, wa thirakitala uja anachita kumugwira paphewa kumuyamikira. Koma maso a Kalisto anali kunsi kwa galimoto, chifukwa ankadziwa chimene chakhudzidwa ndi mwalawo.

Kugalaja anaikweza m'mwamba galimotoyo, ndipo munthu wogona pansi uja anapezeka. Woyeza ngozi wa kampani ya inshuwalansi anaunika ndi tochi chikuto cha batire chitang'ambika, anapukuta matope pa kachitsulo ka nambala, n'kujambula. Patatha sabata kalata ya kampani ya inshuwalansi inafika. Batire ndi la kampani yobwereketsa, inu munayankha zabodza mukudziwa, choncho inshuwalansi yanu tayifafaniza kuyambira tsiku loyamba. Za batire losweka mukambirane nokha ndi eni ake.

Abwana a kuntchito anamumvera chisoni ndithu, koma lamulo silimva chisoni. Anamubwereka galimoto ya kampani kwa masiku ochepa, n'kumuuza kuti pofika Lachisanu abweretse pepala latsopano, apo ayi okalamba ake apatsidwa wina. Mnzake wina analonjeza kumupatsa kagalimoto kakale kapetulo, bola apeze inshuwalansi. Kalisto anakhalira foni kuimbira makampani a inshuwalansi. Kulikonse mafunso ankayenda bwino mpaka pa limodzi: kodi kampani ina inayamba yakufafanizirani inshuwalansi? Tsopano ankayankha zoona, thukuta lili kamukamu, ndipo kulikonse mawu a mbali inayo ankazizira nthawi yomweyo. Pepani bambo, sitingathe.

Lachinayi, mutu uli pansi, analowa mu ofesi ya Julia n'kufotokoza zonse, kuyambira pa chithunzi chija. Mtsikanayo anavula magalasi.

"Ankolo inu! Mabatire a lendi ndimalemba pafupifupi sabata iliyonse. Ndi mzere umodzi wokha, timangoikapo dzina la eni batire, basi. Mwina mtengo sukanasintha n'komwe."

"Ndimaopa kuti anthu amva," anatero Kalisto.

"Amva kwa ndani? Za makasitomala sindiuza ngakhale mwamuna wanga, akhoza kundichotsa ntchito. Mukudziwa kuti ndi angati a kutchalitchi kwathu amene ndimawadziwira zinthu zoposa izi? Munamvapo chimodzi?"

Kalisto anapukusa mutu. Sanamvepo ndithu.

"Ndithandizeni, chemwali. Ndili ndi mawa lokha."

"Njira yodandaulira ilipo, ndipo ndikuyambirani lero lomwe," anatero Julia, misozi ikulengeza. "Koma imatenga masabata, ankolo. Mawa sindingakwanitse. Mukanandiimbira ngakhale tsiku limodzi ngozi isanachitike!"

Lachisanu masana Kalisto anaima pa desiki ya abwana ake n'kumasula makiyi a nyumba za okalamba pa lamba wake, imodziimodzi. Abwanawo anawaika mu envulopu n'kulembapo dzina la wantchito wina. Ali pomwepo foni ya mu ofesi inalira. Anali a Cuthbert, akufunsa kuti Kalisto abwera nthawi yanji Lolemba, poti ndevu zakula. Abwana anamuyang'ana Kalisto, kenako anatembenukira kukhoma n'kuyamba kufotokozera mkuluyo kuti kubwera munthu watsopano. Kalisto sanadikire kuti amve yankho. Anatuluka n'kukaima pamvula kudikira basi, akuganiza mawu oti akamuuze Ursula.

Kunena zoona kukanamutengera mphindi imodzi ya kutentha kwa nkhope. Iye anasankha kukhala chete kuti asasekedwe, ndipo ntchito inapita anthu amene ankawaopawo asanaseke n'komwe. Akuluakulu sananame ayi, mbewa ya manyazi inafera kuuna.