Chipepeso Chochedwa cha a Chiwaula

A Chiwaula anafika pamzikiti wathu ku Ntaja titangotsiriza swala ya masana, kope lili m'khwapa. Nthawi imeneyo ine ndinkaphunzitsa pamadrasa, ndipo ndinali pakhonde ndi Shehe Twaliki Ndembo, Mulungu awachitire chifundo, amene ankasoka mkeka wakutha m'mbali.

A Chiwaula anaphunzitsa Chingerezi kusekondale zaka makumi atatu. Anali munthu woti ukawalembera kalata amakubwezera ataikonza ndi cholembera chofiira, moti ambirife tinkawazemba. Koma tsikulo ndinawamvera chisoni, poona momwe mkanjo unawakulira. Mwana wawo wamwamuna yekhayo, Shaibu, anali atamwalira ku Spain kumene ankagwira ntchito, naikidwa komweko. Anasiya mkazi wakonko, dzina lake Nuria, ndi kamwana kakakazi kamene agogo akewo anali asanakanyamulepo.

Atapereka salamu, anakhala pansi ndi kutsegula kope lija.

"Shehe, ndabwera ndi funso la chilamulo. Mundikhululukire ngati likhale lalitali."

"Funsani, aphunzitsi. Mkekawu suthawa."

"Mpongozi wanga sadziwa Chichewa, Chingerezinso n'chapatalipatali. Ndiye ndakhala ndikuphunzira Chisipanishi m'mabuku olembedwera anthu odziwa Chingerezi, kuti ndimupepese m'chilankhulo chake. Mawu ake ndi akuti pésame. Ndalemba zonse: momwe amawanenera pamaliro, momwe amawalembera m'kalata, polankhula ndi wamkulu, polankhula ndi mnzako." Anatembenuza masamba, ndipo ndinawerenga asanu ndi limodzi odzaza. "Koma ndapezanso kuti kumaiko ena Akhristu amayamba nawo pemphero lawo lolapa. Kodi Msilamu angawatchule osalakwa?"

Shehe anabaya singano pamkeka n'kuisiya pomwepo.

"Mwaphunzira kwambiri, kuposa ine. Chilankhulo chimenecho sindidziwa ngakhale moni wake. Koma ndifunseko: Shaibu wamwalira liti?"

"Lero ndi tsiku la makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Mkuja tichita sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi."

"Nanga mpongozi wanuyo mwalankhula naye kangati?"

A Chiwaula anayankha maso ali pakopelo.

"Waimba foni kanayi. Sindinayankhe. Sindikanafuna kuti tsiku loyamba kumva mawu a apongozi ake amve munthu wachibwibwi, wophotchola. Ine ndadzudzula ana a eni moyo wanga wonse chifukwa cha zomwezo."

"Akuimbabe?"

"Analeka. Dzulo mnzake wa Shaibu wandiuza kuti mayiyo akuti wamva, sativutitsanso. Akuganiza kuti tikumuimba mlandu wa imfayo, ndi woti mtembo sunabwere kuno." Anapukuta m'maso. "Akatseka khomo limenelo, Shehe, mdzukulu wanga sindidzamuonanso."

Ine ndinaweramitsa mutu. Sindinkayembekeza kuti ndidzaona a Chiwaula akupukuta misozi ndi chikhatho.

Shehe anadikira mpaka anthu awiri amene ankavala nsapato pakhomo atachoka.

"Aphunzitsi, tsiku lomwe uthenga unafika ndinabwera kwanu. Mukukumbukira?"

"Ndikukumbukira. Munali oyamba kufika."

"Ndinanena chiyani?"

A Chiwaula anaganiza, n'kupukusa mutu. "Pepani, Shehe, sindikukumbukira."

"Nanga a Mdoka, ogulitsa matemba aja, amene munawathamangitsa m'kalasi zaka zambiri zapitazo?"

"Iwo sananene kanthu. Anangokhala pambali panga pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka. Ndikadzuka, iwonso adzuka. Ndikakhala, akhala."

"Munawaona ngati munthu wosadziwa kulankhula?"

"Ayi. Mpaka lero ndikakumana nawo ndimasowa chowabwezera."

"Ndi momwe timapepesera kuno, inu mukudziwa bwino kuposa ine. Timavula chipewa, timagwirana chanza, timakhala pansi. Palibe amene amapita kumaliro atanyamula kope."

A Chiwaula anatseka kope lija pang'onopang'ono. Komabe khalidwe silithera tsiku limodzi.

"Tsono za mawu aja, Shehe, chilamulo chikuti bwanji?"

"Mawuwo ndi ololedwa. Zilankhulo zonse n'za Mulungu, ndipo Iye amayang'ana chimene mtima ukufuna kunena. Muwatchule, mukhonze kapena muphotchole. Chimene chikundiopsa ine n'china. Inu anthu anadzaza bwalo lanu masiku atatu, mkujanso adzadzaza. Mwana wa eni uja wakhala pamaliro a mwana wanu masiku makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ndipo kuchimuna sikunafike munthu ngakhale mmodzi wodzakhala naye pansi. Muimbireni lero, swala ya Asiri, ya chakumadzulo ija, isanakwane. Akayankha, tchulani dzina la Shaibu. Mawu akakutherani musadule foni. Akalira, lirani naye."